Supuni Yanu Ndaichotsa pa Msomali

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa? Ndikhulupirira kuti kumeneko kulibe mzere wa pampopi, ndipo palibe amene akukuthamangitsani kuti mukaike ndowa madzi asanasiye. Ndine Alinafe. Ndikudziwa kuti mwadabwa, poti mwa ana anu atatu ine ndi amene munkati pakamwa panga pamathamanga koma dzanja ndi laulesi. Khalani pansi, nkhani ndili nazo.

Ndiyambe ndi zazing'ono, monga munkachitira inu mukabwera kumsika. Mvula chaka chino inagwa bwino. Kumudzi ku Dedza akolola, ndipo amalume a Yosefe akuyenda chotukumula ngati mvulayo anaigwetsa ndi iwo. Njala ija munaisiya ikunong'onedwa inafikadi, tinaiona, koma inapita osatenga aliyense wa ife. Rute, mwana wa amalume, wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu ndithu, koma amalira ngati ali ndi mlandu ndi dziko lonse, ndiye mwina zina anatengera ine. Papaya amene munabzala kuseri kwa bafa anagwa ndi mphepo n'kuphwanya mpanda wa aNabanda, aneba anu aja. Anakwiya mpaka tinawapatsa mapapaya onse, kenaka anati mtengo wa malemu sungawalakwire.

Ine ndidakaphunzitsabe sayansi ya zamoyo pa sukulu ya pulayiveti ija ku Biwi. Kalasi yanga kale inali golosale, ndipo ana akamalemba mayeso amayang'anizana ndi chithunzi cha sopo chimene utoto unalephera kufufuta. Kukabwera makolo, mwini sukulu amandionetsa ndi chala n'kunena kuti, "Awa anafikako ku yunivesite." Kufikako, amayi. Ngati munthu amene anafika pa ukwati, n'kumva fungo la mpunga, n'kubwerera.

Tsopano nkhani imene ndatengera cholembera. Tadala wanu anamaliza udokotala. Munachoka kutatsala pang'ono, ndiye simunamuone atavala mkanjo uja. Ine ndinapita. Ndinaomba m'manja mpaka manja kuwawa, ndinalulutira m'malo mwanu, kenaka m'basi pobwerera sindinalankhule ndi munthu mpaka ku Lilongwe. Wagwira ntchito kuchipatala, ndipo chaka chino yunivesite ina ku South Africa yamupatsa malo kuti akachite digiri yachiwiri, zikayenda bwino apitirire yachitatu. Sakukaphunzira kubaya jakisoni kapena kusoka mabala, zimenezo akuzidziwa kale. Akukafufuza chimene chimaonongeka mu ubongo kuti munthu ayambe kugwa khunyu.

Ndikufotokozereni ndi ine, poti iye akayamba kufotokoza amaiwala kuti akulankhula ndi anthu. Mu ubongo muli timaselo tambirimbiri tolumikizana ngati mawaya, ndipo timatumizirana uthenga ndi mphamvu yonga ya magetsi, pang'onopang'ono, mwadongosolo. Mukukumbukira tsiku lija magetsi atazima kuyambira m'mawa anabwera ndi ukali n'kupsereza wailesi ya abambo? Khunyu ndi choncho. Timaselo timayaka tonse nthawi imodzi, thupi n'kugwa. Funso la Tadala ndi ili: bwanji ana ena akadwala malungo ofika ku ubongo amachira, amayamba kusewera, koma pakapita nthawi n'kuyamba kugwa? Malungowo amasiya chipsera chotani m'mutu, ndipo kodi pali njira yoti chipseracho chisamabutse moto? Akuti azikagwira ntchito ndi mbewa zoyera zoweta m'makola, zodya bwino kuposa aphunzitsi a ku Biwi, n'kumaona pa makina zimene zikuchitika mu ubongo mwawo. Sindikufunika kukuuzani kumene funsoli analitenga. Funsolo limagona m'chipinda chakumbuyo kwanu ku Kawale, limakonza mawailesi pakhonde, dzina lake Ganizani.

Ganizani ali bwino, musadzidzimuke. Wakula, ali ndi ndevu zimene akuti ndi ndevu. Mankhwala akumwa tsiku lililonse ndipo sakugwa pafupipafupi monga kale. Koma kugwa amagwabe.

Ndiye Tadala anabwera kwanga ku Biwi tsiku lina Loweruka, n'kukhala pabedi poti mpando ndili nawo umodzi, n'kundiuza za malowo. Ndisanatsegule pakamwa anawonjezera kuti, "Koma ndiwauza kuti sindibwera. Mwina chaka china."

Ndinati, "Chifukwa?"

Anati, "Asisi, chifukwa mukuchidziwa."

Ndinamuuza kuti, "Chaka chinacho ndimachidziwa ine. Ndimagona nacho nyumba imodzi."

Amayi, apa mundilole ndilankhule, poti kumeneko simungandidule mawu. Ndinali m'chaka chachitatu pamene abambo anamwalira ndipo Ganizani anayamba kugwa mowirikiza. Munabwera nokha ku koleji, mutavala chitenje chanu cha kumpingo, n'kuima pakhomo la hositelo ngati mukuopa kudetsa simenti. Munati, "Mwana wanga, chaka chimodzi chokha. Ine ndizipita kumsika, iwe uzikhala ndi mlongo wako." Ndinalongedza mabuku m'katoni. Chaka chimodzicho chinabereka ana, anawo n'kubereka zidzukulu. Anzanga amene ndinkawakokera pa mayeso lero amandidutsa pa galimoto ndili pa siteji, ena amaimika n'kunditcha "madamu" mwachisoni, bola akanangondithira matope. Nditakuikani m'manda ndinanena pamaso pa abale onse kuti gawo langa ndatumikira, ndipo ndinasamukira ku Biwi, Ganizani n'kumusiyira Tadala. Sindikupepesa. Ndikungokukumbutsani kuti mumvetse chifukwa chake Tadala sanandipemphe kanthu tsiku limenelo, ndi chifukwa chake inenso sindinadzipereke. Tinamwa tiyi, tinakamba za mtengo wa makala, anapita. Munkati inu, ana anga makosi awo ndi achitsulo ngati khasu, kupindika mpaka alowe pamoto.

A yunivesite ankadikira yankho mwezi usanathe. Nkhani inafika kumudzi, ndipo amalume a Yosefe, monga mwini mbumba, anakwera basi ndi thumba la mbatata, pamodzi ndi akazi awo ndi tidzukulu tiwiri, kudzakonza zinthu. Anatiitana Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Tinakhala pakhonde lanu. Madzi a tiyi anali pambaula, Ganizani ali chapafupi pamkeka ndi wailesi ya munthu ataimasula matumbo onse.

Amalume anayamba ndi mbewa. Anati, "Iwe Tadala, ndamva kuti ukufuna kukwera ndege kukaona mbewa. Mbewa! Ukanandiuza ine ndikanakutengera ndodo yathunthu, zowamba kale, zothira mchere." Tinaseka tonse, ngakhale ine. Kenaka anafika pa mfundo yawo. Anati ngati mtsikanayu akufunadi kupita, Ganizani amutenga kumudzi. Kuseri kwa phiri kuli bambo wina amene amadziwa mitengo, ndipo mapiritsi a kuchipatalawa amangogoneka matenda, sawachotsa. Ananena mwachikondi, amayi, mlongo wanuyo mumamudziwa, mtima ndi wabwino koma umayenda wokha mutu utatsala kunyumba. Tadala nkhope inachita kuuma. Ndinaona kuti yankho lake latha kulembedwa, sapita.

Ganizani sanadzutse n'komwe mutu pa wailesi paja. Anangoti, "Amalume, inetu ndili pompano. Mukundigawa ngati mbuzi ya pamaliro."

Amalume anati ayi mphwanga, tikukonza tsogolo lako. Tadala ananyamuka, akuti shuga wachepa akagule pa okala, koma ndinadziwa kuti akukalirira kuseri kwa mpanda kuti tisamuone. Atangotuluka pageti ndinamva sikuludiraiva ikugwa pasimenti. Phokoso limenelo mukulidziwa, ndi kamfuu kaja kamatsatira. Ganizani anauma thupi lonse n'kugwera chammbali, mwendo wake utaloza mbaula.

Zimene zinachitika ndi zomwe zija, ngati kuti zaka sizinapite. Akazi a amalume anakoka tidzukulu n'kuthawira nato kumpanda, atatseka timphuno ndi chitenje, akukuwa kuti tisapume mpweya wake, thovulo lisatikhudze. ANabanda anasuzumira pa mpata umene papaya anaboola, n'kuyamba kuitana Yesu koma osasendera. Amalume anathamangira m'nyumba akufuula kuti, "Supuni! Supuni ya alongo anga ili kuti?" Sanafunefune. Inali pomwe munaisiya, pa msomali kuseri kwa chitseko, chingwe chake chomwe chija.

Ine sindinaganize, manja anakumbukira okha. Ndinakankhira mbaula kutali ndi phazi, ketulo n'kutayikira m'maluwa. Ndinachotsa zitsulo za wailesi, ndinavula chitenje n'kuchipinda pansi pa mutu wake, ndinamasula batani la pakhosi. Amalume anafika atagwira supuni ngati mpeni, akuti, "Mutsegule pakamwa, ameza lilime!"

Ndinati, "Amalume, supuni imeneyo ikayandikira pakamwa pa mwanayu, ilowa pakamwa panu, ndipo ndiikankha mpaka chigwiriro."

Anaima. Anati, "Iwe, ukulankhula ndi ine?"

Ndinati, "Ndi inu nomwe. Lilime silimezeka. Dzino lakutsogolo limene alibeli silinachoke ndi khunyu, linachoka ndi chitsulo chimenecho. Ngati mukufuna kuthandiza, imani apo mumutchingire dzuwa."

Ndipo anaimadi, amayi, bambo wamkulu ndi jekete lake la ku tchalitchi, atatambasula manja ngati nkhuku yofungatira, supuni ili m'dzanja. Kugwedezeka kutayamba kuchepa ndinamutembenuzira chammbali kuti malovu atuluke, ndinamupukuta pakamwa ndi dzanja langali, akazi a amalume akuonerera, kenaka ndinawaonetsa dzanjalo n'kunena kuti, "Azakhali, ndakhala ndikupukuta thovu limeneli kuyambira ali mwana. Chimene ndinatengera ndi ukali wokha, ndipo umenewo ndinabadwa nawo." Ndinakhala pansi n'kumamuitana dzina pang'onopang'ono mpaka mpweya unabwerera m'malo mwake.

Nditakweza maso ndinaona Tadala ali pageti, shuga ali m'manja. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Dokotala wathunthu, anangoima osasuntha, ngati mwana woonera mpira kunja kwa mpanda. Tinamunyamula Ganizani tonse awiri kukamugoneka, ndipo tili m'chipindamo anandifunsa motsitsa mawu.

"Asisi, zimenezi munaziphunzira kuti?"

Ndinati, "Ndinasiya sukulu, sindinasiye mutu."

Anati, "Ine ndimayesa nanunso ndinu a supuni. Ndinkaona ili pa msomali zaka zonsezi, inu mukulowa ndi kutuluka osaichotsa. Ndimati ndikachoka, tsiku loyamba lomwelo mumuthyola dzino lina."

Mwaona, amayi? Iye anali wamng'ono, kenaka anapita ku sukulu yogonera komweko. Sanamve m'mene inu ndi ine tinkakanganirana za supuni imeneyi. Ndinabwera ku koleji ndi katoni ya mabuku n'kukuuzani kuti musamamuike kanthu m'kamwa, inu n'kundiyankha kuti, "Mabuku akowo anaberekapo mwana?" Mukakhala kumsika ndinkachita zanga, mukakhalapo munkachita zanu, ndipo tinkakhumudwitsana mpaka madzulo. Tadala anakula akuona supuni pa msomali ndi mkulu wake wolusa, n'kuphatikiza ziwirizo.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga iwe dokotala, wakhala m'nyumba muno chimwalirire amayi, bwanji sunaichotse?"

Anayang'ana pansi. Anati, "Ndi ya amayi."

Ndinati, "Basitu."

Ganizani anali m'tulo take tolemera tija. Ndinayang'ana chipindacho, zenera lomwe lija losatsekeka bwino, khoma limene ndinaliyang'ana zaka za utsikana wanga wonse. Ndisakunamizeni, mtima unawawa ngati wapsa ndi mafuta. Ndinaganiza za kachipinda kanga ka ku Biwi, kopapatiza koma kanga, kumene palibe phokoso la chinthu chogwa limene limandiimitsa mtima. Kenaka ndinaganiza za mtsikanayu atafika zaka zanga, akuonetsedwa ndi chala kuti awa anatsala pang'ono kupita kunja. M'nyumba imodzi simungakhale anthu awiri ofikako.

Ndinati, "Mawa upite ukawayankhe anthuwo kuti ukubwera. Ine ndibweretsa katundu Loweruka. Chipinda cha amayi ndi changa, ndipo sindikufuna kumva zikomo."

Anayamba kuti, "Koma asisi, inu munasiya kale..."

Ndinamudula. "Ndanena kuti sindikufuna kumva. Ndipo ukakalephera mayeso kumeneko, pobwera usadzere ku Kawale."

Analira, ine sindinalire, mukundidziwa. Ndinatuluka kukawauza amalume kuti mlandu watha, Ganizani sapita kuseri kwa phiri lililonse. Anadandaula pang'ono kuti ana a masiku ano saopa akulu, koma mbatata anatisiyira. Asananyamuke anandikokera pambali n'kufunsa kuti, "Ndiye ukuti chammbali? Osamuika kanthu?" Akuti kumudzi kuli mwana wa mphunzitsi amene amagwanso. Ndinawaonetsa kawiri, iwo atagona pamkeka ndi jekete lawo, akazi awo akuseka mpaka kugwira m'mimba.

Dzuwa litapendeka Ganizani anadzuka, mutu ukumuwawa, lilime atadziluma pang'ono. Anatiyang'ana tonse awiri n'kufunsa kuti, "Ndiye mbuzi ija yagwera ndani?" Ndinati yagwera ine, ndipo ikayamba mwano ndiiphika. Anati, "Mayo ine, bola kumudzi." Kenaka anatembenukira kwa Tadala n'kunena kuti, "Asisi aang'ono, pitani. Mukazifunse mbewazo kuti waya amene anapsa m'mutu mwangamu ndi uti. Mukandiuza, kuwotcherera ndidzawotcherera ndekha."

Tadala wandiuza mosabisa kuti zimene akukafufuzazi mwina sizidzamuchiritsa Ganizani. Chipsera chake ndi chakale. Akuti ntchito yotere imayenda ngati nyerere, munthu amatha zaka kuti apeze kachinthu kamodzi, ndipo amene angadzapindule ndi ana amene sanabadwe n'komwe. Ndinamuuza kuti zimenezo ndikuzidziwa, asandiphunzitse ngati ndine wa fomu yoyamba. Mwana wa Rute uja, wa dzina lanu, akugona m'nyumba ya udzudzu womwewo. Zikwanira.

Tsopano ndibwerere kwa inu, amayi, chifukwa sindikufuna kuti mumve ngati ndakuimbani mlandu pamaso pa mlongo wanu. Supuni ija inali yolakwika, ndipo ndidzanena choncho mpaka tidzaonane. Koma ndikukumbukiranso kuti masiku amenewo, Ganizani akagwa pamsewu, anthu ankapanga bwalo patali ngati aona njoka, ndipo munthu mmodzi yekha mu Kawale yense ndi amene ankathamangira pakati pa bwalolo. Musanayambe za supuni munkaika zala zanu, ndipo chala chanu chapakati munapita nacho kumanda chili chokhota. Panalibe amene anakuuzani za timaselo ndi magetsi. Munauzidwa kuti mwana wanu ameza lilime afe, ndipo munachita chimene mayi angachite ndi zimene anali nazo m'khitchini. Munkati, "Wanga ndi wanga, ngakhale agwe pamoto ndilowa momwemo." Tadala akupita kukaphunzira ndi makina a mtengo wapatali, koma kuthamangira kumene ena akuthawa anaphunzira kwa inu. Inenso chimodzimodzi, ngakhale ndimachita ndikutukwana.

Za chaka chimodzi chija sindinakukhululukireni kwenikweni, ndisaname kwa munthu amene tsopano akuona zonse. Masiku ena ndimakhululuka, masiku ena ndikaona mkanjo wa Tadala pa chithunzi ndimatembenuza chithunzicho. Koma ndabwerera m'nyumba mwanu ndi miyendo yanga, popanda wondiimira pakhomo la hositelo, ndipo ndaona kuti katundu wodzisenza wekha salemera mofanana ndi wosenzetsedwa. Ku Biwi ndizipita pa minibasi m'mawa uliwonse. Masana Ganizani azikhala ndi aNabanda pafupi. Ndawaphunzitsa zoyenera kuchita, ndipo nditawauza kuti akadzaimanso patali ndidzagwetsa mbali yotsala ya mpanda wawo, alonjeza kuti sathawa.

Tadala anyamuka mwezi wamawa. Tamugulira jekete lochindikala pa kaunjika, poti akuti kumeneko kumazizira kuposa ku Dedza. Wati azinditumizira zimene akulemba kuti ndiziwerenga. Ndamuuza kuti atumize, cholembera chofiira ndili nacho, ndipo asayembekeze chifundo.

Supuni yanu ndaichotsa pa msomali. Sindinaitaye, musaope. Ndadula chingwe chija, ndaikwecha ndi phulusa mpaka kuwala, ngakhale timaenje ta mano a Ganizani sitinachoke. Tsopano imakhala m'chitini cha shuga. M'mawa uliwonse Ganizani amatunga nayo masupuni odzaza kuposa muyeso, ine n'kumukalipira, iye n'kunena kuti supuni imeneyi ili naye ndi mangawa a dzino. Ikulowabe m'moyo mwake tsiku ndi tsiku, amayi, koma tsopano ikumutsekemeretsa tiyi.

Muwapatse moni abambo, muwauze kuti wailesi yawo ija Ganizani anaidzutsa, ikulankhula. Inu gonani, musamadzidzimuke mukamva chinthu chikugwa, ndilipo ine. Ndikukulonjezani ziwiri: mwana wanu wamwamuna sadzagwa pakati pa bwalo la anthu oonerera ine ndili moyo, ndipo wamkazi wamng'onoyo sadzabwerako ndi mabuku m'katoni. Wosiyira panjira m'nyumba mwanu ndi mmodzi, ndipo akhala mmodzi yemweyo.

Ndimakukondani, ndi ukali wanga womwewu.

Ndine mwana wanu woyamba,
Alinafe